MAKINA OKOKA MADZI A M'CHILONDA: ZIMENE MAYI WODIKIRIRA MWANA AYENERA KUDZIŴA

Amayi, inu nonse mudziŵa mmene kumazizirira kuno ku Mzimba m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mphepo ya chisanu ikatsika kuchokera ku mapiri a Viphya, banja lonse limaunjikana pamoto, ndipo amene amakhala pafupi kwambiri ndi mafuwa ndi ana aang'ono, makamaka amene angophunzira kumene kukwaŵa. Nyengo imeneyi ndiyo imene zipatala zimalandira ana ambiri opsa ndi moto, phala lotentha kapena madzi oŵira. Ambiri mwa ana ameneŵa amachira bwino pongoŵatsuka chilonda ndi kuchimanga pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, kaya ndi ku Jenda, ku Edingeni, ku Manyamula kapena ku Luwerezi. Mayi amene athamangira kuthira madzi ozizira ndi oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20, nafunditsa mwanayo nsalu yochapa bwino, napita naye kuchipatala tsiku lomwelo, wathandiza kale kwambiri. Koma amene apakapo ndowe za ng'ombe, dzira, mchere, mankhwala otsukira mano kapena mizu yosinja, amaloŵetsa tizilombo m'chilonda, kotero kuti chilonda chimene chikadapola m'masabata aŵiri chimazama n'kuyamba kuola.

Anthu a zilonda zozama zotere, pamodzi ndi ovulala kwambiri pa ngozi za pamsewu, olumidwa ndi njoka amene mnofu wawo wafa, ndiponso amayi amene bala lawo la opaleshoni yobereketsa lachita mafinya n'kumasuka, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha pa Boma kapena ku chipatala cha mishoni ku Embangweni. Zikavuta kumeneko, wodwala amapita ku Mzuzu Central Hospital, ndipo ena amapitirira mpaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene chipinda chapadera cha anthu opsa ndi moto chidatsegulidwa m'chaka cha 2011, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. M'zipatala zazikulu zokhala ndi madokotala a opaleshoni ndimo mmene mungakumane ndi chinthu chimene ambiri a inu simunachionepo: chilonda cha mwana chitamatidwa ndi pulasitiki, kapaipi katatuluka m'menemo kupita m'botolo, ndiponso makina akung'ung'uza pambali pa bedi usana ndi usiku. Madokotala amaŵatchula mwachidule kuti VAC.

Ana ambiri sadzaŵafuna makina ameneŵa, ndipo sapezeka m'chipatala chilichonse. Komabe taona kuti n'kofunika kukufotokozerani za iwo, pakuti m'zipatala zathu namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri, ndipo munthu amene amakhala pambali pa mwana nthaŵi zonse, mpaka pakati pa usiku pamene aliyense wagona, ndinu mayi wake.

Kodi makinaŵa amachita chiyani?

Chilonda chachikulu chimatulutsa madzi ambiri. Madziwo akadikha, mnofu wozungulira chilondacho umatupa, ndipo kutupako kumapana timitsempha ting'onoting'ono timene timabweretsa magazi. Pamene magazi safika mokwanira sipapola msanga, koma tizilombo toyambitsa mafinya timapezapo malo abwino oswanirana. Inu amene mumalima madimba kudambo mudziŵa zimene zimachitika madzi akaima m'munda: mbewu zimachita chikasu ndi kuola mizu kufikira mwini dimba atakumba ngalande. Makinaŵa ndiwo ngalande ya chilonda.

Poyamba dokotala amachotsa mnofu wonse wakufa ndi kutsuka chilonda. Kenaka amadula siponji yapadera ya kuchipatala, kapena kupinda nsalu yofeŵa yomangira mabala, molingana ndi kukula kwa chilondacho, n'kuidzaza m'kati. Pamwamba amamatapo pepala la pulasitiki loonekera m'kati, limene limagwira khungu labwino mbali zonse kuti mpweya usapeze poloŵera. Kapaipi kamachokera pansi pa pulasitikiyo kupita m'botolo, ndipo botololo limalumikizidwa ku pampu. Pampu ikayamba kukoka, mpweya wa m'siponji umatuluka, siponjiyo imafota n'kulimba, nichita makwinya ngati chikopa cha mbuzi chouma padzuŵa. Kuyambira pamenepo madzi a m'chilonda amayenda pang'onopang'ono kupita m'botolo, kutupa kumaphwa, milomo ya chilonda imakokeredwa pamodzi, ndipo pansi pa chilondacho pamamera mnofu watsopano wofiira bwino. Mnofu umenewu ndiwo umene dokotala amaufuna asanasoke bala kapena asanaikepo khungu lochotsa pantchafu.

Agogo athu ankadziŵa kulumika ndi nyanga ya ng'ombe, kuyamwa mpweya ndi pakamwa mpaka nyangayo itakakamira pakhungu. Maganizo okoka zoipa m'thupi ndi mphamvu ya mpweya si achilendo kwa ife. Kusiyana kwake n'kwakuti wolumika sankatha kuyeza mphamvu imene akukokera, ndiponso nyanga ndi lumo lake zinkanyamula matenda kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina. Motero musayese kulumika chilonda cha mwana kunyumba.

Mphamvu ya kukoka ili ndi muyeso wake

Mawu aakulu m'kabuku kano ndi aŵa: mphamvu imene makina amakokera ndi muyeso umene dokotala walamula, monga mmene amalamulira kuti mwana amwe theka la mbulu wa mankhwala, osati mibulu iŵiri. Sachita kuganizira, ndipo wina aliyense saloledwa kuusintha.

Inu oyamwitsa simungavutike kumvetsa zimenezi. Mwana akagwira bere bwino, milomo yake itamata mbali zonse, amayamwa mwa mphamvu yoyenera ndipo mkaka umatuluka. Akagwira mosamata, mpweya umaloŵa m'mbali mwa kamwa, amangolira mlomo koma osapeza kanthu. Akakakamira nsonga yokha ya bere n'kumakoka molimba, nsongayo imang'ambika n'kutuluka magazi. Chimodzimodzinso chilonda. Kukoka kukachepa, madzi amatsalira pansi pa pulasitiki, pamalo otsekeka ndi ofunda pamene tizilombo timakonda. Kukoka kukapitirira muyeso, mwana amamva kuŵaŵa kwambiri, timitsempha ta magazi timapanika m'malo motseguka, mnofu watsopano umavulala, ndipo mtsempha ungathe kung'ambika.

Muyeso umenewu adaupeza pochita kafukufuku. Dokotala wina wa ku Germany, Wilhelm Fleischmann, adalemba m'chaka cha 1993 za mmene ankachiritsira mabala a anthu othyoka mafupa poŵamata ndi kukoka mpweya. M'chaka cha 1997 akatswiri aŵiri a pa yunivesite ya Wake Forest ku America, Louis Argenta ndi Michael Morykwas, adafalitsa zimene adapeza atayesa njirayi pa mabala a nkhumba. Iwo adaona kuti pokoka ndi mphamvu ya 125, magazi oyenda m'mbali mwa bala adachuluka kanayi. Koma atakweza mphamvuyo kufika pa 400, magazi adachepa kuposa mmene ankayendera poyamba. N'chifukwa chake nambala ya 125 ndiyo imene imaoneka kaŵirikaŵiri pa makina a odwala aakulu. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti pa zilonda zambiri mphamvu ya 75 kapena 80 imakwanira. Kwa makanda ndi ana osapitirira zaka ziŵiri, amene khungu ndi mnofu wawo n'zanthete, madokotala amaika kaŵirikaŵiri pakati pa 50 ndi 75. Tsono mukaona kuti pa makina a mwana wanu palembedwa 50 pamene pa makina a bambo wa m'chipinda china palembedwa 125, musaganize kuti mwana wanu akumumana chithandizo.

Manambalaŵa amatsatiridwa ndi zilembo zakuti mmHg. Muyeso wake ndi womwe uja anamwino ankagwiritsa ntchito pokuyezani kuthamanga kwa magazi ku sikelo ya amayi apakati. Kutsogolo kwa nambala kumakhala kamzere kakang'ono, chonchi: -75. Kamzereko kangotanthauza kuti makina akukoka, sakupopera mpweya m'kati.

Tsiku loyamba lomwelo funsani dokotala kapena namwino kuti, "Nambala ya mwana wanga ndi iti?" Ngati simutha kuŵerenga, apempheni akulembereni nambalayo papepala ndi kulimata pa makina, kuti muzingofananiza maonekedwe ake. Funsaninso ngati makinawo aŵaika kuti azikoka mosalekeza kapena mopumira. Alipo makonzedwe ena akuti makina akoke mphindi 5, apume mphindi 2, ayambirenso. Mayi amene sadauzidwe zimenezi amadzidzimuka makina akangoti zii, n'kuyamba kudinadina mabatani poganiza kuti aonongeka. Kwa ana aang'ono, ndiponso pamene paikidwa khungu latsopano, madokotala amakonda kukoka kosalekeza, pakuti kuyamba ndi kuleka kumapweteka ndipo kungasunthe khungulo.

Mmene muyesowo umasungidwira

Zipangizo zokokera zili za mitundu ingapo, ndipo n'kwabwino kudziŵa mtundu umene uli pa bedi la mwana wanu.

Makina opangidwira ntchito imeneyi ali ndi kachipangizo m'kati kamene kamamva mphamvu ya kukoka nthaŵi zonse. Mphamvuyo ikatsika pang'ono, pampu imadzuka yokha n'kukoka mpaka nambala ibwerere pamene dokotala adaika, kenaka imachepetsa. Motero makina amene pulasitiki yake yamata bwino sachita phokoso lambiri. Amang'ung'uza pang'ono, n'kukhala chete, n'kung'ung'uzanso. Koma makina amene akulira mosapuma ngati chigayo akukuuzani kuti mpweya ukuloŵa penapake ndipo pampu ikulimbana nawo. Makina otere ali ndi belu limene limalira mpweya ukamaloŵa, paipi ikatsekeka, botolo likadzaza, kapena batire ikatsala pang'ono kutha.

Popeza makina ameneŵa ndi siponji zake n'zokwera mtengo, madokotala a m'maiko ambiri a mu Africa muno amagwiritsa ntchito zimene ali nazo: nsalu yomangira mabala, kapaipi kodyetsera odwala kudzera m'mphuno, pulasitiki yomata, ndi makina wamba a m'chipatala oyamwira makhololo ndi magazi pa opaleshoni. Njira imeneyi imathandiza ndithu, ndipo musaipeputse. Koma apa ndipo pafunika maso anu koposa, chifukwa makina wambaŵa alibe nzeru yodziletsa okha, ndipo ambiri alibe belu. Ali ndi wotchi ya muvi yosonyeza mphamvu, ndi kogwirira kopotokola kochepetsera kapena kuonjezera. Kogwirirako kakapotokoledwa mpaka kumapeto, makinawo angathe kukoka kupitirira 500, ndiye kuti kakhumi kuposa muyeso wa khanda. Sipafunika munthu woipa mtima kuti zimenezi zichitike. Mwana wina woseŵera m'chipindamo angathe kukapotokola, wokolopa angakagunde, kapena mlendo wodzazonda matenda, wozoloŵera kukonza njinga ndi mawailesi kumudzi, angaganize kuti akuthandiza. Pemphani namwino alembe kachizindikiro pa galasi la wotchiyo pamene muvi uyenera kuima, ndipo muziuyang'ana muviwo nthaŵi iliyonse mukadzuka kuyamwitsa kapena kusintha theŵera.

Mtundu wachitatu sulira magetsi. Ndi kabotolo kofeŵa, kapena kopindikapindika ngati mvukuto wa osula makasu, kamene namwino amakafinya n'kukatseka. Pofuna kubwerera m'maonekedwe ake, kabotoloko kamakoka madzi kuchokera m'bala. Timabotolo totere mungatione pa anthu amene angochitidwa kumene opaleshoni. Lamulo lake n'losavuta: kakakhala kophwa ndiye kuti kakukoka, kakafufuma ndiye kuti mphamvu yatha, ndipo muyenera kuitana namwino kuti akhuthule ndi kufinyanso. Mtsikana wina wophunzira za umisiri pa sukulu ya MIT ku America, Danielle Zurovcik, adapanga pampu ya mvukuto yotere yokokera zilonda zazikulu, ndipo idagwiritsidwa ntchito ku Haiti pambuyo pa chivomezi cha 2010, kenaka idayesedwa ku Rwanda.

Ntchito yanu pambali pa bedi

Ntchito yanu ndi kuona ndi kunena. Simufunsidwa kukonza kanthu.

Yambani ndi pachilonda penipeni. Siponji iyenera kukhala yofota, yamakwinya ndi yolimba mukaikhudza pang'ono pamwamba pa pulasitiki ndi chala chosamba bwino. Ikafufuma n'kufeŵa, kukoka sikukufika pachilonda, ngakhale nambala ya pa makina ikhale yolondola. Zimenezi zimachitika paipi ikapindika, mwana akaigonera, kapena magazi oundana akaitseka. Tsatirani paipiyo ndi maso kuyambira pachilonda mpaka kubotolo. Ngati yangopindika kapena yapanika kumwendo wa bedi, iongoleni, pakuti zimenezo mungathe. Ngati yatsekeka m'kati, musaipopere mpweya ndi pakamwa, musaizule, ndipo musaloŵetsemo kamtengo, itanani namwino.

Kuloŵa kwa mpweya ndilo vuto limene limabwera kaŵirikaŵiri, makamaka kwa ana, chifukwa mwana sagona malo amodzi. Pulasitiki imamatuka msanga m'malo opindika monga m'khwapa, m'khosi, m'mphechepeche ndi pafupi ndi theŵera, pamene thukuta ndi mkodzo zimanyoŵetsa khungu. Usiku kukakhala bata, ikani khutu pafupi ndipo mudzamva kampweya kakuti tsiii. Musamatepo selotepi ya kusitolo kapena kumangapo chitenje. Namwino ali ndi pulasitiki yoyenera yoonjezera pamenepo. Sinthani theŵera msanga likanyoŵa, ŵengani zikhadabo za mwana, ndipo m'vekeni kamalaya kophimba paipi kuti asaikoke poseŵera. Pomunyamula kuti ayamwe, yambani mwaona kumene paipi yadzera. Kubereka kumbuyo kuyambe kwaima kufikira dokotala atavomereza.

Botolo likhale choimirira ndiponso m'munsi kuposa chilonda. Likagwa cham'mbali, madzi amanyoŵetsa kasefa kamene kali kukamwa kwake, ndipo kukoka kumaima. Musalitsegule ndi kutaya madziwo nokha ngakhale akunyanseni, pakuti namwino amalemba kuchuluka kwake tsiku ndi tsiku kuti adziŵe madzi amene mwana wataya ndi amene ayenera kubwezeredwa m'thupi. Madzi achikasu, kapena ofiirira pang'ono ngati otsukira nyama, ndiwo amene timayembekeza, makamaka masiku oyamba. Koma mafinya okhuthala onunkha, khungu lozungulira likafiira n'kutentha, mwana akatentha thupi, akakana bere, akamangogona, kapena akachepetsa kukodza, nenani msanga osadikira kuti dokotala adzayendere odwala m'maŵa.

Belu likalira, musaphimbe makina ndi bulangeti kuti anzanu agone. Tidziŵa kuti m'chipinda cha anthu ambiri mumachita manyazi kusokoneza tulo ta ena, ndiponso mumaopa kudzutsa namwino wotopa. Pitani ndithu mukamuuze. Ndipo tinene mosabisa chinthu chimene chimachitika m'zipatala masiku ano: pasapezeke munthu wozula chingwe cha makina pakhoma kuti atchajepo foni, ngakhale kwa kanthaŵi kochepa.

Magazi ofiira: pamenepa musadikire

Pa zonse zimene tanena kuti musakhudze makina, pali nthaŵi imodzi yokha imene lamulolo limasintha. Mukaona magazi ofiira kwambiri, enieni osasakanizika ndi madzi, akuthamanga m'paipi, kapena botolo likudzaza magazi mofulumira, zimitsani makinawo nthaŵi yomweyo, kanikizani chikhatho chanu pamwamba pa pulasitiki osaichotsa, ndipo fuulani kuti wina athamangire namwino. Makina sadziŵa kusiyanitsa madzi a chilonda ndi magazi a mumtsempha. Adzapitiriza kukoka malinga ali oyaka.

Ganizirani izi. Mwana wolemera makilogalamu 10 pa sikelo ali ndi magazi pafupifupi mamililita 800 m'thupi lake lonse, osakwana mabotolo atatu a Fanta. Botolo la makina ambiri limaloŵa mamililita 300 kapena 500. Motero botolo limodzi lokha litadzaza magazi ndi ngozi yaikulu pa moyo wa mwanayo. Ku America, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala, la FDA, lidalengeza m'chaka cha 2011 kuti kuyambira 2007 lidalandira malipoti a imfa 12 ndi anthu ovulala 174 pa chithandizo chimenechi, ndipo vuto loopsa koposa lidali kutaya magazi. Ngozi yotere sichitika kaŵirikaŵiri, ndipo dokotala amaipeŵa posaika siponji pamwamba pa mtsempha woonekera. Komabe, tsiku loyamba pemphani namwino akuonetseni batani lozimitsira, mulikhudze ndi chala chanu kuti mudzalipeze ngakhale mumdima.

Magetsi akazima

Makina ena ali ndi batire imene imagwira ntchito kwa maola angapo; makina wamba aja amaima nthaŵi yomweyo magetsi akazima. Chimene muyenera kuchita ndi kuyang'ana nthaŵi imene makina aimira ndi kuuza namwino. Chilonda chomatidwa ndi pulasitiki sichiyenera kukhala chosakokedwa kupitirira maola aŵiri. Maola aŵiri akadutsa magetsi asanabwere, kapena makina asanakonzedwe, namwino ayenera kuchotsa siponji ndi kumanga chilondacho mwa njira yanthaŵi zonse kufikira zinthu zitakhala bwino. Iye ali ndi odwala ambiri ndipo angaiŵale. Kumukumbutsa mwaulemu kuti, "Anamwino, makina aja adaima 2 koloko, tsopano ikukwana 4," si mwano.

Mwana akafuna kupita naye kukajambulidwa kapena kukasamba, namwino ndiye atseke paipi ndi kuimasula. Inu mukumbukire kuti pobwerako ilumikizidwenso ndi kutsegulidwa.

Za mphekesera

Tiyenera kunenapo za mantha amene ena amakhala nawo. Mukumbukira mphekesera ya anamapopa imene idabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kumwera m'chaka cha 2017, n'kumvekanso m'madera ena mu 2020, ndipo anthu osalakwa adaphedwa chifukwa cha iyo. Wachibale wochokera kumudzi akafika n'kuona paipi ikutulutsa madzi ofiirira m'thupi la mwana, mtima wake ungathamangire komweko, ndipo angakuumirizeni kuti muthaŵe naye mwanayo usiku. Mufotokozereni modekha. Madzi a m'botolomo ndi zonyansa za m'chilonda, zomwe zija zikadanyoŵetsa bandeji ndi zofunda. Sagulitsidwa, saikidwa mwa munthu wina, ndipo amatayidwa pamodzi ndi zonyansa zina za m'chipatala. Ngati akukayikabe, pitani naye kwa dokotala akadzifunsire yekha. Mwana wochotsedwa m'chipatala siponji ili m'chilonda ali pa ngozi ya matenda oopsa a m'magazi.

Ambiri a inu amuna anu ali ku Joni, ndipo nkhani za matenda a mwana mumakambirana ndi apongozi ndi alamu anu. Aloleni amve zonsezi kuchokera pachiyambi. Ndiponso tsiku limene mudzapita kunyumba kukaona ana ena, n'kusiya apongozi kapena mng'ono wanu pa bedi, musachoke musanamuonetse nambala, siponji, paipi, botolo ndi batani lozimitsira.

Kusintha siponji, kuŵaŵa ndi chakudya

Siponji imasinthidwa pakapita masiku aŵiri kapena atatu, osati tsiku lililonse monga bandeji wamba. Ichi ndi chimodzi mwa zabwino za njirayi kwa mwana, pakuti masiku olira amachepa. Ngati paikidwa khungu latsopano, dokotala angasiye osatsegula kwa masiku ngati asanu kuti khungulo ligwire. Musaumirire kuti atsegule muone.

Kusinthako kumaŵaŵa, chifukwa mnofu watsopano umameramo m'timabowo ta siponji. Mwana ayenera kulandira mankhwala oletsa ululu nthaŵi isanakwane, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati wapatsidwa. Namwino amayamba wazimitsa makina ndi kunyoŵetsa siponji ndi madzi a mchere a kuchipatala kuti imatuke mosavuta. Ana ena amaŵagoneka tulo ku chipinda cha opaleshoni. Zikatero mudzauzidwa maola amene mwana ayenera kukhala osadya, ndipo muŵasunge ndithu. Ngati muli pomwepo, ŵerengani zidutswa za siponji zimene zikuikidwa, kuti tsiku lochotsa zidzatuluke zonse. Makina akangoyatsidwanso mwana angalire kwa mphindi zingapo pomva kukoka, kenaka amazoloŵera. Koma ululu ukapitirira kapena ukamakula, musachepetse nambala nokha. Uzani dokotala, iye angaitsitse pang'ono kapena kuonjezera mankhwala.

Madzi amene akupita m'botolo aja amatenga zakudya zomanga thupi, ndipo mnofu watsopano sungamere pa mwana wanjala. Pitirizani kuyamwitsa usana ndi usiku. Mwana wopitirira miyezi 6 mupatseni phala lothira nsinjiro, dzira, mkaka, nyemba zopota kapena usipa wosinja, pang'onopang'ono koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Dzira limene ena amalipaka pachilonda lingathandize kwambiri litaphikidwa n'kudyedwa. Ngati wodwalayo ndinu amene, chifukwa cha bala la opaleshoni, malamulo ndi omweŵa, ndipo makina sakuletsani kuyamwitsa khanda lanu.

Pamene makina sayenera

Sikuti chilonda chilichonse chimafuna kukokedwa. Dokotala saika makinaŵa pa chilonda chimene chikadali ndi mnofu wakufa wakuda, pa chilonda cha khansa, pa fupa limene lili ndi matenda osachiritsidwa, kapena pamene mitsempha ikuluikulu ndi ziŵalo za m'kati zili poyera. Kupsa kwa pamwamba pa khungu sikuŵafuna konse. Ndiponso zilonda zambirimbiri zozama zapola bwino m'zipatala zathu ndi kutsuka, kumanga mwaukhondo ndi chakudya chabwino. Motero ngati mwana wanu sadaikidwe makina, musadandaule kuti wanyozedwa, ndipo musagulitse mbuzi kuti mukagule makina otere kwa anthu amalonda n'kumaŵagwiritsa ntchito kunyumba popanda dokotala.

Makina amakhala pachilonda masiku angapo kapena masabata ochepa, malinga ndi mmene mnofu ukumerera. Akachotsedwa ndipo mwatulutsidwa m'chipatala, onetsetsani kuti zonse zalembedwa m'kabuku ka umoyo ka mwanayo, pamodzi ndi tsiku lobwereranso. Mukafika kumudzi pitani naye ku sikelo mwezi womwewo kuti alangizi a zaumoyo amuyeze, pakuti ana otere amatsika thupi ali m'chipatala, ndiponso kuti aone ngati pali katemera amene adamuphonya. Ngati chilondacho chidali pa chigongono, pabondo, m'khosi kapena pa zala, pitirizani tsiku ndi tsiku kuongola ndi kupinda chiŵalocho monga adakuphunzitsirani, chifukwa chipsera chimapitiriza kukokana kwa miyezi yambiri chilonda chitapola.